Madambo a Harare akutha, koma chikwapu chikugwera wa khasu yekha

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndinene za madambo a mumzinda wa Harare. Ndikulemba ndili ku Mufakose, kufupi ndi mtsinje wa Marimba, kumene ambiri mwa ife ndife ana ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Chaka chilichonse mvula ikayandikira timamva chenjezo lomwelomwelo: olima m'madambo akuwononga chilengedwe, ndipo amene adzale, chimanga chake chidzakhapidwa. Kuti khasu limawononga dambo ine sinditsutsa, ndipo ndinenapo mosapsatira. Chimene chikundiwawa n'chakuti mlandu wonse ukusenzetsedwa mayi wa khasu, pamene mwini simenti, amene amapha dambo mpaka kalekale, amangoyenda momasuka ndi kalata ya chilolezo m'thumba.

Amene sanapondeko kuno adziwe kaye mmene mzindawu unakhalira. Harare ali pamtunda, pamsana pamene mitsinje imayambira. Tilibe mtsinje waukulu wochokera kutali monga Shire, amene anthu a ku Blantyre amapopako madzi pa Walker's Ferry. Mitsinje yathu, Mukuvisi, Marimba ndi Gwebi, imatumphuka m'kati mwa mzinda momwemuno, m'madambo a pakati pa nyumba za anthu, n'kutsetserekera kumadzulo kukathira m'madamu awiri a pa mtsinje wa Manyame. Loyamba ndi Chivero, limene linamangidwa mu 1952 likutchedwa Lake McIlwaine. Lachiwiri ndi Manyame, la mu 1976. Madzi a m'menemo amakayeretsedwa ku Morton Jaffray, kenako amakankhidwa kukwera chitunda kubwerera kumipopi yathu. Choncho chilichonse chimene chatayidwa ku Mbare, ku Highfield kapena kuno kwathu chimatsikira ku Chivero, ndipo tsiku lina chimadzatipeza pampopi. Malo oyeretserako suweji akalephera, chotsala pakati pa zonyansa zathu ndi kapu yomwera ndi dambo ndi mankhwala a ku Morton Jaffray. Mankhwalawo ambiri amagulidwa ndi ndalama zakunja. Dambo silifuna ngakhale senti.

Ntchito ya dambo aliyense amene anakulira kumudzi amaidziwa ngakhale sanaiwerenge m'buku. Pansi pake pali makande, dothi lakuda lija lomata m'dzinja ndi long'aluka m'chilimwe. Pamwamba pali udzu wa mitundumitundu, wa mizu yolukana kwambiri moti khasu losanola limangodumpha. Mvula yamphamvu ikagwa, madzi ochokera m'misewu ndi pamalata akafika pamenepo amataya liwiro, amamwazikana, matope amatsalira mu udzu, ndipo madziwo amalowa pansi mosafulumira. Dambo ndi nkhokwe ya madzi: limatuta m'dzinja n'kumatapa pang'onopang'ono chilimwe chonse, mwakuti mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mtsinje umayendabe. Zitsime ndi mijigo ya m'makomo mwathu zimadalira madzi omwewo. Mizu ya udzu ndi ya bango imayamwanso zonyansa zina zimene zikanakafika kudamu. Tili ana tinkatsikira ku Marimba kukagwira nkhanu ndi timilamba, ndipo akakowa ankayera mbuu m'mbali mwa madzi. Lero mwana amene walowa m'madzi amenewo timamusambitsa ndi sopo kawiri, n'kumuyang'anira usiku wonse kuti asatsegule m'mimba.

Za Chivero ndiye n'zomvetsa chisoni. Malo oyeretserako suweji a Crowborough, amene amathira mu Marimba, ndi a Firle, amene amathira mu Mukuvisi, anamangidwira mzinda waung'ono. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa 2.4 miliyoni m'chigawo cha Harare. Mapaipi akale amaphulika, suweji n'kumayenda m'misewu mpaka kumtsinje. Zonyansazo zikafika kudamu zimakhala chakudya cha namasupuni ndi ndere zobiriwira. Mu Sepitembala 2019 ku Morton Jaffray anazimitsa makina chifukwa chosowa ndalama zogulira mankhwala, mzinda wonse n'kukhala wopanda madzi a pampopi. Mu Disembala 2024 zipembere 4 za m'nkhalango yosungirako nyama ya m'mbali mwa Chivero zinafa zitamwa madzi a ndere za poizoni, pamodzi ndi mbidzi, nyumbu, nkhwazi ndi nsomba zosawerengeka. Amenewo ndi madzi omwe ife timayembekezera kuti atuluke pampopi.

Ndipo anthu anafa kale zipembere zisanafe. Kolera ya mu 2008 ndi 2009 inagwira anthu oposa 98,000 m'dziko muno n'kupha oposa 4,000, ndipo kuno ku Harare inakhazikika ku Budiriro ndi ku Glen View, oyandikana nafe. Mu 2018 inabweranso m'madera omwewo. Ife a m'magulu a beria, amene timasonkha ndalama mwezi ndi mwezi kuti mnzathu akatisiya aikidwe mwaulemu, tikukumbukira masiku amene maliro ankaikidwa mothamanga, osasambitsa mtembo, osaphika nsima pasiwa, achibale atangoima chapatali. Sindikunena kuti kutha kwa madambo ndiko kokha kunabweretsa matendawa. Mapaipi owola ndi mipopi youma zili ndi mlandu waukulu. Koma mpopi ukauma munthu amakumba chitsime kuseri kwa nyumba, ndipo chitsimecho chimakhala ndi madzi abwino kapena oipa malinga ndi mmene nthaka yozungulira ilili.

Tsono tione amene akudya madambowa. Lamulo lilipo, ndipo ndi lomveka. Environmental Management Act ya mu 2002, pa ndime 113, imaletsa kukhetsa madzi a dambo, kulikwirira kapena kulisokoneza popanda chilolezo cholembedwa. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 amapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pamalo osawononga thanzi lake, pa ndime 73, ndi ufulu wa madzi abwino, pa ndime 77. Chaka chomwecho cha 2013 Zimbabwe inalowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo, n'kulembetsa malo 7, ndipo atatu mwa iwo ndi athu omwe: dambo la Monavale, Cleveland Dam kumene Mukuvisi amayambira chakufupi ndi Mabvuku, ndi madamu a Chivero ndi Manyame. Mu Julayi 2025 mayiko a m'panganoli anachitira msonkhano wawo waukulu kuno, ku Victoria Falls. Zonsezi n'zabwino ndipo ndimazinyadira. Vuto lili pa mawu aja akuti chilolezo cholembedwa, chifukwa amene ali ndi ndalama ndi maloya amachipeza, kapena amayamba amanga n'kudzachipeza pambuyo.

Aliyense wokwera kombi kuchokera m'tauni kulowera kumadzulo amaona msika waukulu wa Longcheng Plaza pafupi ndi National Sports Stadium. Pamenepo panali dambo. Anthu anadandaula, nyuzipepala zinalemba, koma nyumbayo inamangidwa ndipo ikuchita malonda mpaka lero. Kumpoto kwa mzinda, ku Borrowdale ndi ku Marlborough kumene Gwebi amayambira, mikangano ya mtundu womwewu siitha, ndipo mabungwe monga Harare Wetlands Trust akhala akuthamangira kukhoti. Malo omwetsera mafuta, nyumba zogona za mipanda italiitali, ngakhale matchalitchi, zikumera pamene panali bango. Ndikunena za matchalitchi mtima ukundipweteka, chifukwa ndine munthu wopemphera, koma nyumba ya Mulungu yomangidwa pa kasupe imaumitsa kasupeyo chimodzimodzi ndi sitolo.

Womanga akafika padambo amayamba wakumba ngalande kuti madzi achoke. Kenako malole amabwera kudzakhuthula zigumu za njerwa, miyala ndi dothi lofiira mpaka makande atakwiririka. Pamwamba amathira simenti ndi phula. Akamaliza amakumba mjigo wakuya, chifukwa iyenso akudziwa kuti pampopi palibe chodalira, ndipo ena amapopa madziwo n'kumagulitsa m'magalimoto a mathanki. Zitsime za anthu oyandikana nawo zimauma. Madzi a mvula amene akanalowa pansi pamenepo amathamanga pasimenti, amalowa mumtsinje nthawi imodzi, n'kukagwera amene ali kumunsi. Mu Disembala 2023 madzi a Marimba analowa m'nyumba za anthu ku Budiriro usiku, mabanja n'kutaya katundu wawo yense. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo nyumba zambiri zimene zinamira zinali m'khwawa mwenimweni.

Kodi anthuwo analowamo bwanji m'khwawamo? Anagula. Anapereka ndalama zawo za thukuta kwa akamberembere ogulitsa malo ndi makopaletivi a nyumba, ena achinyengo, amene anawaloza masitandi m'mwezi wa Ogasiti pamene dambo limaoneka louma gwaa. Mu 2018 boma linakhazikitsa komiti yofufuza za kagulitsidwe ka malo a boma m'matauni motsogozedwa ndi Jaji Tendai Uchena, ndipo mu Disembala 2019 komitiyo inanena kuti boma linataya ndalama pafupifupi madola 3 biliyoni a ku America. Koma chigalimoto chogumula nyumba chikabwera chimapeza wogula, mayi ndi ana ake ndi mabulangete panja. Wogulitsa uja amakhala atasamukira kale padambo lina ndi tepi yake yoyezera.

Ndibwere kwa ife a khasu. Kuti mumvetse chifukwa chake anthu a kwathu ali ambiri m'minda ya m'madambo, muyenera kudziwa kumene tachokera. Bambo anga anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya Chitaganya, pa ulendo wa Mthandizi, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za kuno. Anayamba ntchito pafamu ya fodya chakufupi ndi Banket, kenako anapeza ntchito m'tauni n'kupatsidwa nyumba kuno ku Mufakose. Alongo awo ndi ana awo anatsala pafamu. Anzathu Achishona tikukhala nawo bwino, tinakwatirana, ana athu amalankhula chinenero chawo kuposa chathu. Koma pali kusiyana kumodzi. Iwo ambiri ali ndi kumudzi, ku Murehwa, ku Gutu, ku Mhondoro, ndipo akakolola matumba a chimanga amafika pa Mbare Musika ali pamwamba pa basi. Ife kumudzi kwathu kuli kutsidya kwa malire awiri, ndipo munda wa makolo unagawidwa kalekale kwa amene anatsala. Ufa wathu wonse ndi wogula, kupatula umene tingaupeze ndi khasu m'tauni momwemuno.

Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, antchito zikwizikwi anachotsedwa m'makomboni, ndipo ochepa okha ndiwo anagawiridwa malo. Lamulo la unzika la mu 2001 linachititsa ambiri obadwira muno kukhala alendo m'dziko lobadwiramo, chitupa chitalembedwa kuti alien, mpaka malamulo a mu 2013 anadzakonza zimenezi. Azakhali anga anafika pakhomo pathu ndi mtolo wa zovala ndi khasu, atagwira ntchito ya fodya moyo wawo wonse. Mu 2005 kunabwera Murambatsvina, ntchito ya boma yogumula nyumba ndi misika imene linkati ndi yosaloledwa, pamene lipoti la United Nations lolembedwa ndi mayi Anna Tibaijuka linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena njira yopezera chakudya. Ambiri anakatayidwa ku Hopley ndi ku Caledonia, amene anali mafamu. Munthu wotere, wodziwa ulimi wokha, wopanda penshoni, wopanda munda, mukamuuza kuti asalime ndiye kuti mukumuuza kuti asadye.

Pali chinanso chimene olankhula pa wailesi satchula. Kale amayi a m'makomboni ankalima pamtunda, m'malo opanda nyumba a pakati pa dera ndi dera, padothi lofiira la katondo limene chimanga chimakonda. Mzinda unalinso wozunguliridwa ndi mafamu a chimanga, a ng'ombe za mkaka ndi a ndiwo zamasamba. Whitecliff, Hopley, Caledonia ndi mafamu a kummwera kwa Harare lero ndi nyumba zokhazokha, zambiri zopanda paipi ya madzi kapena ya suweji, chimbudzi chokumba chili apa, chitsime chili apo. Ngakhale kufamu ya Crowborough, kumene madzi ochokera koyeretsera suweji ankathiriridwa pamsipu wa ng'ombe kuti udzu uyamwe zonyansa asanafike kumtsinje, mbali ina ya msipuwo inasanduka masitandi. Nyumba zitadzaza pamtunda, khasu linakankhidwira kumunsi. Chilala cha mu 2024, chimene chinachititsa Malawi kulengeza za ngozi mu Malichi ndi Zimbabwe mu Epulo, chinalikankhiranso pakati penipeni pa dambo, poti ndi pokhapo panali chinyezi.

Komabe, abale anga, njala siisintha zimene khasu limachita. Mu Sepitembala ndi Okutobala udzu umatenthedwa kuti malo ayere, ndipo moto umapita ndi zisa za mbalame, achule ndi mbewu za udzu. Kenako timagaula, kudula mizu ija imene inagwira dothi kwa zaka zambirimbiri. Timaunga mizere italiitali, makamaka ya mbatata, ndipo pakati pa mzere ndi mzere pamakhala ngalande yothamangitsa madzi. Timathira feteleza wa Compound D pobzala ndi wa AN pobereketsa, mvula n'kukokolola theka lake kupita nalo ku Chivero kukanenepetsa namasupuni. Masiku ano achinyamata sapaliranso, amapopera mankhwala opha udzu pamphepete penipeni pa madzi. Onjezanipo okumba mchenga ndi oumba njerwa amene amasiya maenje oti mwana n'kumiramo. Ndipo phindu lake ndi lochepa kuposa mmene timaganizira. Chaka cha mvula yambiri chimanga cha pamakande chimaima m'madzi, masamba achikasu, chitsononkho chopanda maso. Feteleza wogula movutikira uja wapita ndi mtsinje, mwini wake watsala ndi mapesi.

Makolo athu ku Dedza analinso ndi madambo, ndipo ankalima madimba, koma bambo anga ankafotokoza kuti zinali ndi mwambo wake. Dimba linkakhala m'mphepete, linkalimidwa m'chilimwe madzi atatsika, ndi manyowa a ng'ombe ndi phulusa, n'kubzalamo mpiru, nyemba, matimati ndi chimanga chochepa cha mondokwa. Pakati pa dambo sipankakhudzidwa. Pamenepo ndi pamene ankamweta udzu wofolera, kudula bango la mphasa ndi kudyetsa ng'ombe msipu ukauma kumtunda. Amene wapyola malire ankaitanidwa kubwalo kwa amfumu. Kuno m'tauni kulibe amfumu a dambo. Munda ndi wa amene wafika msanga ndi khasu, ndipo amautambasula chaka ndi chaka mpaka mzere womaliza utagwera mumtsinje, ngakhale lamulo loletsa kulima mkati mwa mamita 30 kuchokera pamtsinje lilipo kuyambira nthawi ya atsamunda.

Chimene ndikufuna anthu a kwathu amvetse kwambiri ndi ichi. Khasu ndi limene limalambulira simenti njira. Dambo likakhala ndi udzu wake, bango lake ndi mbalame zake, womanga amavutika kukana kuti ndi dambo. Koma likalimidwa zaka zingapo, udzu wachilengedwe utatha, patatsala mapesi, chisoso ndi mapepala a pulasitiki, iye amabwera ndi katswiri wake wolipidwa, amajambula zithunzi m'chilimwe, n'kulemba kuti malowa anawonongeka kale, palibenso choteteza. Chilolezo chimatuluka. Tsiku lina mayi uja akupita kumunda kwake amapeza waya wazungulira ndi mlonda pageti. Zinawachitikira amayi ena a mumpingo mwathu, amene analima malo amodzi kuyambira ana awo ali kumsana. Sanauzidwe, sanapepesedwe, ngakhale maungu awo sanaloledwe kukathyola. Anagwira ntchito yosula malo a munthu wina popanda malipiro.

Kusiyana kwa khasu ndi simenti n'kwakuti bala la khasu limapola. Umboni uli ku Monavale, kumtunda kwa mtsinje wathu womwewu wa Marimba. Kumeneko anthu okhala m'deralo anapanga bungwe lawo lotchedwa COSMO, mogwirizana ndi BirdLife Zimbabwe, ndipo analetsa kulima ndi kutaya zinyalala pa mbali ina ya dambo. Patapita zaka zochepa udzu wachilengedwe unabwerera, maluwa a m'dambo anaphukanso, ndipo mbalame zosowa zimene zimaswana nthawi ya mvula zimakopa alendo ochokera kunja. Pamene pathiridwa simenti palibe chimabwerera. Koma tinenenso zoona: anthu a ku Monavale ambiri sadalira chimanga cha m'dambo kuti adye. Zimene zinatheka kumeneko sizingangokoperedwa ku Mufakose, ku Mabvuku kapena ku Epworth popanda kuyankha funso la mphika.

Pachifukwa chimenechi kukhapa chimanga ndimakuona ngati nkhanza zopanda phindu. Okhapawo amabwera mu Januwale kapena Febuluwale, chimanga chitamasula ngayaye. Pofika nthawi imeneyo udzu unapsa kale, dothi linatembenuzidwa kale, feteleza analowa kale m'madzi. Dambo silipindula kanthu ndi zikwanje zawozo. Chotsatira chake ndi banja logona ndi njala ndi mtima wodana ndi aliyense wotchula za chilengedwe, ndipo chaka chamawa lidzalimanso pomwepo. Ngati akufunadi kuteteza dambo, nthawi yake ndi Ogasiti, moto usanayatsidwe, ndipo abwere ndi zikhomo zoonetsa malire pamodzi ndi yankho la kumene anthu apite.

Malo oti apite alipo, akuluakulu atafuna. Mzinda ukadali ndi malo a pamtunda osamangidwa, mafamu a khonsolo, ndi mbali za mafamu ozungulira zimene zangokhala tchire eni ake akudikira kuti mtengo wa masitandi ukwere. Boma lomweli kuyambira mu 2020 lakhala likulimbikitsa ulimi wa Pfumvudza, umene kwathu ku Malawi ungafanane ndi mtayakhasu: kamunda ka mamita 39 m'litali ndi 16 m'lifupi, kukumba maenje obzalamo m'malo mogaula ponseponse, kuthira manyowa m'dzenje momwemo ndi kuphimbira ndi mapesi. Kamunda kotere kakasamalidwa bwino kamapatsa banja chimanga chooneka. Atati apime timinda totere pamtunda, alembe mayina a amene akulima m'dambo panopa, awapatse kalata ya zaka zingapo kuti asamaope kuthamangitsidwa, ambiri angatuluke m'matopemo mokondwa. Palibe mayi wa zaka 60 amene amakonda kupalira madzi ali m'mawondo. M'mphepete mwa dambo, kunja kwa malire, angalole madimba a m'chilimwe a manyowa okhaokha, oyang'aniridwa ndi komiti ya olima eni ake. Anthu amateteza malo amene akudziwa kuti ndi awo.

Koma zimenezi zidzamveka pokhapokha anthu ataona kuti lamulo lili ndi mano mbali zonse. Mapu a madambo onse a mzinda apachikidwe m'maofesi a m'madera ndi m'masukulu, kuti wogula sitandi adziwe asanapereke ndalama. Chilolezo chilichonse chomanga pafupi ndi dambo chilengezedwe poyera chisanaperekedwe, ndi dzina la wopempha ndi la wosayina, kuti a kumunsi amene madziwo adzawagwere anenepo maganizo awo. Ogulitsa malo mwachinyengo aweruzidwe ndi kubweza ndalama za anthu nyumba zisanagumulidwe. Ndipo tione, ngakhale kamodzi kokha, nyumba ya munthu wolemera yomangidwa padambo popanda chilolezo ikugwetsedwa, zigumu zikuchotsedwa, udzu ukubzalidwanso. Ena amati tisadandaule, damu la Kunzvi limene likumangidwa pa mtsinje wa Nyagui lidzathetsa vuto la madzi. Lidzathandiza ndithu, ndipo tikulidikira. Koma silidzadzaza chitsime cha kuseri kwa nyumba yanga, silidzaletsa Marimba kulowa m'nyumba za ku Budiriro, ndipo suweji idzapitabe ku Chivero.

Kwa inu a kumudzi ku Malawi, musaone ngati nkhaniyi ndi ya kuno kokha. Nanunso muli ndi malo a Ramsar, nyanja ya Chilwa kuyambira mu 1997 ndi Elephant Marsh ku Chigwa cha Shire kuyambira mu 2017. Chilwa inauma mu 1995, ndipo mu 2018 inatsala pang'ono kutheratu, asodzi a matemba n'kusiya mabwato pamatope. Mu 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kugwetsa nyumba ku Mtandire, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche lopanda mitengo n'kukwirira anthu ku Chilobwe. Abale akabwera kudzationa amatiuza kuti ku Lilongwe madambo amene ankadyetsako ng'ombe akudulidwa mapuloti, ndipo Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira, ikutha ndi makala. Inu mwayi muli nawo umene ife tilibe: mafumu akadali ndi mawu pa malo ambiri. Mfumu imene ikugulitsa dambo la mudzi kwa munthu wa m'tauni ifunsidwe pabwalo, anthu ake akumva.

Pomaliza ndikupempha anthu a kwathu okhala mu Harare muno. Tili ndi magulu a beria m'dera lililonse, tili ndi mipingo ya CCAP ndi ya Katolika, tili ndi mizikiti, tili ndi akuluakulu a gule ku Mbare, ku Mabvuku, ku Tafara ndi ku Dzivarasekwa. Pa maliro timasonkhana mazanamazana mosachita kuitanidwa kawiri. Tisonkhanenso chimodzimodzi pa nkhani ya minda, mwezi wa Ogasiti usanathe, pamodzi ndi anzathu Achishona amene tikulima nawo moyandikana. Tilembe mayina a olima m'dambo lililonse ndi kukula kwa munda wa aliyense, tipite nawo kwa makhansala athu ndi ku EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, monga gulu, tikanene kuti tili okonzeka kuchoka pakati pa dambo ndi kulilondera tokha ngati atipatsa malo pamtunda, ndiponso kuti pamene tachokapo pasadzabwere waya wa munthu wina. Zimenezi zilembedwe papepala ndi kusayinidwa. Ndipo inu Akonzi, mukatuma mtolankhani wanu kuno, afikire ku Mufakose nthawi ya mvula, tidzamuyendetsa m'mbali mwa Marimba kuyambira ku Monavale mpaka ku Budiriro kuti adzalembe zimene waona yekha.

Ine wanu wowerenga,
Mayi wa ku Mufakose, Harare